Puloti ndi yanu inde, koma musanathire simenti tamverani zanga

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene ali ku Johannesburg, dzina sinditchula. Anagula puloti kuno kumudzi, nyumba yaikulu inatha, pano akutumiza ndalama kwa mlongo wawo kuti amange fensi, kaboyizikota ka lendi kumbuyo ndi kaokala kutsogolo, ndiye aneba awaopseza kuti a khonsolo adzagumula. Funso lawo: "Pa puloti yanga yomwe, yogula ndi thukuta langa, ndikapemphenso chilolezo kwa munthu?"

Achemwali, nditawerenga mawu akuti "puloti yanga yomwe" ndinayamba ndaika foni pansi, chifukwa mawu omwewa ndi amene ine ndinawakuwa pamaso pa anthu nditangovala kabudula ndi vesiti, fensi yanga ili ndi chizindikiro cha penti yofiira.

Ine puloti yanga ndinagula kudzera kwa dobadoba wina, mnyamata wovala bwino, sapato zosongoka, kuyankhula ngati anabadwira mu ofesi. Ananditengera kwa amfumu a m'deralo, tinakhala pa khonde, ndinapereka ndalama mu jumbo, anandilembera kakalata pa pepala long'amba mu kope n'kudindapo chidindo. Malire anandionetsa poyenda, "kuyambira pa mtengo wa mango uwo kukafika pa chulu, kenako mukhote." Basi. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati nduna, kakalata ndinakaika mu Baibulo.

Nyumba ndinamanga movutikira ngati wina aliyense, chaka chino maziko, chaka chinacho kufika pa lintala, kenako malata angongole. Nkhani inadzavuta pa fensi. Tsiku lokumba maziko mmisiri wanga, bambo wachikulire amene ndimamulemekezabe mpaka lero ngakhale anandigwetsa m'mavuto, anaima kutsogolo kuja n'kuyang'ana msewu, n'kuyang'ana ine. Akuti bwana, malo onsewa mpaka ku msewu angokhala? Tingosuntha chingwe pang'ono mupeze poimika galimoto. Galimoto ndinalibe, mpaka pano ndilibe, koma mawu akuti poimika galimoto anandikoma mumtima. Tinasuntha chingwe masitepe anayi. Aneba a kumanja ataona anasunthanso chawo, a tsidya nawonso, moti kamsewu kamene poyamba magalimoto awiri ankapatukirana kanasanduka kanjira koti wa kabaza akakumana ndi ngolo wina ayenera kubwerera.

Patapita nthawi ndikuweruka ku ntchito ndinapeza ana atazungulira fensi yanga akuwerenga mokweza. Chizindikiro chachikulu cha X, penti yake ikadali yonyowa mpaka kutsetserekera pansi, ndi kalata yomwe a khonsolo anasiyira mayi a kunyumba. M'mawa mwake anabweranso ndi tepi yoyezera ndi chipepala chachikulu chopindapinda. Pamenepo ndiye ndinatuluka ndi vesiti ija, kakalata ka amfumu m'manja. Bambo amene ankatsogolera sanakweze mawu n'komwe, anangoyala chipepala chija pa boneti ya galimoto, kuloza ndi cholembera, akuti achimwene msewu ndi uwu, puloti yanu ndi iyi, fensi yanu ili apa. Kenako anatuma mnyamata kukumba pafupi ndi thanki yanga ya madzi ndipo anafukula bikoni, kachipilala ka simenti kokhala ndi chitsulo pakati, kali phee mkati mwa bwalo langa, pamene ife tinkayanikapo zovala. Mtengo wa mango uja sunali pa chipepalapo. Chulu nachonso ayi.

Ndinagumula ndekha, chifukwa akagumula iwo njerwa sutolapo ngakhale imodzi. Loweruka lonse ine ndi mlamu wanga ndi hamala, kuchotsa njerwa imodziimodzi n'kumapala simenti. Dobadoba uja nambala yake inali itasiya kupezeka kalekale.

Kwa chaka chathunthu ndinali mdani wa malamulo amenewa. Pa bawo, mu minibasi, pa maliro, aliyense wondipatsa mpata ndinkamuuza kuti malamulo a mapulani ndi achitsamunda, anawaikira kuti wosauka asamange. Ndipo mbali ina ya mkwiyo umenewo sindinaitaye, ndibwereranso.

Chinandisintha ndi madzi. Kumtunda kwa ine kunabwera bambo wina wandalama zake, anagula mapuloti awiri n'kuwaphatikiza, pakati pake pamadutsa ngalande yotenga madzi a mvula a dera lonse. Anaikwirira, n'kumangapo nyumba za lendi zisanu mondondozana, zija za chitseko chimodzi zenera limodzi. Mvula yoyamba ya Disembala madzi anasowa kolowera, anabwera kwa ine. Tinadzuka pakati pa usiku mapazi akuponda m'madzi, matumba awiri a chimanga anyowa, mabuku a sukulu a mwana akuyandama, ndipo chimbudzi chokumba cha alendi ake, chomwe anachikumba chogundana ndi khoma langa, chinasefukira. Fungo limenelo sindidzaliiwala. Nditapita kukadandaula mukudziwa anandiyankha chani? Ndi puloti yanga, ndinagula ndi ndalama zanga.

M'mawa mwake amene anali woyamba pa mzere ku ofesi ya mapulani, atanyamula zithunzi mu foni, akufunsa kuti kodi malamulo kulibe m'dziko muno, anali ine yemwe uja wa vesiti.

Ndiye achemwali pepani, yankho limene mumafuna kumva sindikupatsani. Tonsefe malamulo a mumzinda timadana nawo akaloza fensi yathu, koma tchalitchi ikatsegulidwa m'nyumba yoyandikana nafe, zimkuzamawu kulira kuyambira Lachisanu usiku mpaka mbandakucha, kapena wina akaika chigayo kuseri kwa chipinda chathu chogona, kapena nyumba ya aneba ikasanduka bala anthu n'kumakodzera geti yathu, timathamangira kukafuna lamulo lomwelo. Ndipotu zonse ndatchulazi lamulo limazigwira pa mfundo imodzi: malo aliwonse mumzinda anaikidwa ntchito yake, awa okhala anthu, awa amalonda, awa amafakitale, awa a sukulu kapena opempherera, awa osamangapo chilichonse. Kusintha nyumba yokhalamo kukhala ya bizinesi n'kusintha ntchito ya malo, ndipo kumafuna chilolezo ngakhale usanawonjezerepo njerwa imodzi. Lamulo lake ndi Physical Planning Act ya 2016, imene inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988. Anthu ambiri amaganiza kuti pulani ndi ya nyumba yaikulu yokha. Ayi ndithu, kuwonjezera zipinda, kumanga ina kumbuyo, kudula puloti pakati kuti ugulitse theka, zonsezo n'zofuna chilolezo.

Ndipo pena nkhani yake imaposa fensi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagwa, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikira, m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Nyumba zambiri za m'mphepete mwa phiri lija zinali pa malo amene mapulani a mzinda salola kumangapo. Sindikunena izi moloza chala anthu amene anaferedwa, Mulungu andikhululukire, chifukwa munthu samanga pa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje chifukwa chokonda mphepo. Amamanga pamene wapeza.

Apa ndiye pamene mkwiyo wanga wakale umabwerera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mu mzinda wa Lilongwe muli anthu pafupifupi 1 miliyoni, Blantyre oposa 800,000, pano achuluka kuposa pamenepo. Lilongwe inakhala likulu mu 1975, inajambulidwa bwinobwino ndi ma Area ake a manambala, koma anthu anabwera ambiri kuposa mapuloti opimidwa. N'chifukwa chake pafupi ndi Area 47 pali Mtandire, n'chifukwa chake kuli Chinsapo ndi Kauma, ku Blantyre kuli Ndirande ndi Mbayani. Ngati puloti yovomerezeka munthu wamba sangaipeze msanga, apita kwa amfumu, ndipo amfumu samufunsa pulani. Lamulo lokhwima pa kugumula liyenera kukhwimanso pa kupima malo ndi kugawa, apo ayi tizingosewera chibisalirano, anthu kumanga usiku, penti yofiira kubwera masana. Komanso chimene chimandiwawa kwambiri, kaokala ka mayi wamasiye kamagwa tsiku limodzi pamene chinyumba chosanja chomangidwa pa dambo chimangoimabe. Izi aliyense woyenda m'tauni amaziona ndi maso, sindikuulula chinsinsi.

Koma kukwiya konseku sikunabweze matumba anga a simenti.

Mwini malo ndani?

Mwaona ndayamba kuika timitu ngati munthu wadongosolo. Funso loyamba, achemwali, musanafike n'komwe pa fensi: pepala limene muli nalo ndi lotani? M'mizinda yathu eni malo akuluakulu ndi unduna wa za malo, khonsolo ya mzinda, ndi Malawi Housing Corporation. Ukapatsidwa puloti ndi amenewa umakhala pa lizi, kwa Mmalawi nthawi zambiri ya zaka 99, ndipo umalipira lendi ya nthaka chaka ndi chaka. Mu lizimo analembamo ntchito ya malowo, mukaiwerenge, ambirife timangoisunga mu sutikesi. Ngati munagula kwa munthu, dzina lisinthidwe ku ofesi imene inapereka malowo, osangoti tinasainirana pamaso pa mboni. Ngati muli ndi kakalata ka amfumu ngati kanga ndipo malowo ali mkati mwa malire a mzinda, dziwani kuti kakalatako sikaposa mapu a ku ofesi. Ine kanga ndikadali nako mu Baibulo muja, kamasunga tsamba.

Palinso msonkho wa nyumba wa khonsolo, umene umachokera mu Local Government Act ya 1998 ndipo amauwerengera potengera mtengo wa malo ndi nyumba. Anthu athu okhala kunja mumauiwala kwambiri umenewu chifukwa kalata yake imafikira alendi, alendi n'kuyatsira mbaula. Ngongole ikakula khonsolo ili ndi mphamvu yopita ku khoti mpaka nyumba kugulitsidwa.

Ndikanena za anthu a kunja ndikumbukenso ichi, ndipo mlongo wanu andikhululukire sindikumudziwa. Ndalama ya pulani ndi imene imadyedwa msanga pa ndalama zonse zotumizidwa kuchokera ku Joni, chifukwa simenti imaoneka pa chithunzi cha WhatsApp, malata amaoneka, koma pulani munthu amangoti zatheka musadandaule. Muuzeni akujambulireni tsamba lililonse, muone chidindo chovomereza ndi lisiti ya khonsolo. Akayamba zoti tili ndi munthu wathu mkatimo atithandiza mwachidule, dziwani kuti sapato zosongoka zija zafika.

Tsono pa zitatu mwafunsazo. Fensi: pezani saveya, wopima malo, akuonetseni mabikoni onse, chingwe chidutse mkati mwake, osati pamene mmisiri wakonda. Ngati puloti ili m'mbali mwa msewu waukulu ngati M1 samalani kwambiri, malo a msewu ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu, phula likathera si pamene msewu wathera. Pansi pa mawaya a ESCOM, pamwamba pa mapaipi a madzi ndi pa ngalande musamangepo. Boyizikota: ijambulidwe pulani ndi munthu wovomerezeka, ioneke pamene yakhala pa puloti, mpata wosiya kuchokera ku malire, ndi kumene zonyansa za kuchimbudzi zizipita, kenako ipite ku khonsolo ndipo mudikire yankho lolembedwa. Okala: ameneyu ndi bizinesi pa malo okhala, mufunse za chilolezo chosinthira ntchito ya mbali imeneyo ndi laisensi ya malonda, ndipo khomo lake lisatulukire mu msewu. Mukadzaganiza zokumba mjigo nawonso uli ndi chilolezo chake ku National Water Resources Authority, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Za bambo a ngalande aja ena mufunsa. A ku ofesi ya mapulani anawalembera kalata, bambowo anatsegula kampata kongokwana ndowa, madzi amadutsa theka, theka linalo limabwerabe kwa ine. Chaka chilichonse Novembala akayandikira ndimagula matumba opanda kanthu n'kudzaza mchenga, chimanga ndimaika pa mabuloko. Timapatsana moni bwinobwino, mwana wawo wamkazi atakwatiwa ndinapita kukafupa.