Mphwanga, za mahedifoni zija

Eya, moni nonse pagulu pano. Amayi, azakhali, mundikhululukire, uthenga uwu utalika pang'ono ndipo ndi wa mnyamata wanuyu amene wafunsa za mahedifoni, inu mukhoza kungoudumpha. Ndangotsika teksi kuno ku Turffontein mu Johannesburg, ndiye phokoso mukulimvalo ndi la mumsewu.

Mphwanga, uthenga wako ndaumvera kawiri. Ukuti wasunga R1,500, ukupanga mabiti a amapiano pa FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, pa laputopu ija, masiku ena mnzako amabwera kudzajambula mawu m'chipinda chako ku Diepsloot, ndiye waona mahedifoni a Bluetooth ku mall, bezi yake yogwedeza mutu, ukufunsa ngati ungagule. Usagule amenewo. Ndalama imeneyo waikhetsera thukuta, ndiye ndikuuze chifukwa chake bwinobwino, usangoti achimwene akana basi.

Mahedifoni omvera nyimbo uli m'teksi ndi ena, ogwirira ntchito ndi enanso. Aja a ku mall anawapanga kuti akusangalatse, amakuwonjezera bezi imene m'nyimbomo mulibe. Tsono iwe ukamamiksa, khutu likumva bezi yadzaza, umatani? Umaitsitsa. Mawa ukaika nyimboyo pa sipika ya munthu wina, log drum yako ija, ng'oma ya bezi ya amapiano, yaphwa, ikumveka ngati mwana akugogoda chigubu. Ine zinandichitikira nditangoyamba kugwira mikisa, makina osakanizira mawu, kutchalitchi kwathu kuno. Kwaya inandipatsa nyimbo yawo kuti ndiijambule, anthu ataiphunzira masabata angapo, ena akuchokera kuntchito usiku. Ndinaimiksa ndi mahedifoni okoma ngati amenewo. Lamlungu titaiika pa masipika, mawu a abambo oimba bezi kunalibe, kunangotsala amayi okha pamwamba, mawu owonda. Zinandiwawa kwambiri chifukwa anthu aja anandikhulupirira. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Iwe ukufunika mahedifoni onena zoona, oti nyimbo ikakhala yoipa uimve kuti njoipa.

Za Bluetooth sindichedwapo. Mawu amafika kukhutu mochedwa. Ukadina kiyi, mawu amabwera pambuyo, ndipo woimba sangalowe bwino pa biti. Gula a chingwe. Safunanso kutchaja.

Tsopano chimene uyenera kuganiza kwambiri ndi chipinda chakocho. Pali mahedifoni otseka kumbuyo, aja amati closed-back, ndiye pali otsegula, open-back, komanso ena apakatikati. Otsegulawo ndi abwino pomiksa, mawu amamveka motakasuka, makutu satopa msanga. Vuto lake amatulutsa mawu kunja, komanso amalowetsa a kunja. Mnzako akawavala ataima pa maiki, biti ija ituluka m'mahedifoni n'kulowa m'maiki, ndipo pambuyo pake sungaichotsemo. Komanso kwanuko ndikukudziwa, mpanda womwewo wina akuchapa, wina watsegula wailesi, ana akusewera pakhomo. Ndi otsegula zonsezo udzazimva pamodzi ndi nyimbo yako. Ndiye poti ukugula amodzi okha oti uzijambulira komanso kumiksira, ine ndikuti tenga otseka.

Mayina ake ndi awa, ulembe penapake. Amene ndimagwiritsa ntchito ine tsiku ndi tsiku ndi Audio-Technica ATH-M40x. Ngotseka, ndi a 35 ohms (nambala yosonyeza kulimba kwake powakankha), kutanthauza kuti laputopu yokha imawakwanitsa popanda china chilichonse. Chimene ndimawakondera kwambiri n'chakuti chingwe chake chimazuka. Mahedifoni ambiri amafera pachingwe, pamene chimalowera paja, ndiye awa chikaduka umangogula chingwe china, osati mahedifoni onse. Anzako adzakuuza za M50x chifukwa ndi amene amatchuka. Ngabwino, koma ngodula kuposa M40x, komanso bezi yake ndi yonenepako. Kwa munthu amene akuphunzira kumiksa, ine ndimaona kuti M40x sakunamiza kwambiri. M'banja lomwelo muli ang'ono ake, M20x ndi M30x, otsika mtengo. Awa chingwe sichizuka, koma ntchito amagwira, ndipo M20x yemweyo amaposa kutali aja waona ku mall pa nkhani yonena zoona.

Alipo ena akalekale, Sony MDR-7506. Anatuluka mu 1991 ndipo mpaka lero uwapeza m'masitudiyo ndi m'nyumba zoulutsira mawu. Ndi a 63 ohms, chingwe chake chopotana ngati cha telefoni zakale zija. Awa mawu apamwamba ngakuthwa, ndiye woimba akamalizitsa “s” mopyola, kapena maiki ikamachita phokoso, umamva pompo. Kungoti ukakhala nawo nthawi yaitali makutu amatopa, ndipo masiponji ake amasupuka pakapita nthawi, ngakhale osinthira amapezeka.

Ndalama ikavuta zedi, pali Samson SR850 ndi Superlux HD681. Ngotchipa kwambiri, onse ndi a 32 ohms, ndipo pa mtengo wawo amamveka bwino modabwitsa. Koma ndi aja apakatikati, amatulutsa mawu kunja, ndiye pojambula woimba akuvutitsa monga ndanenera. AKG K240 Studio nawonso ndi apakatikati, a 55 ohms. Ine ndili nawo, ndimawakonda pa kwaya ndi pa gitala, koma bezi ya pansi penipeni saionetsa mokwanira, ndipo amapiano moyo wake uli pansi pomwepo.

Dikira, nditsegule geti kaye. Eya.

Chenjezo limodzi pa nkhani ya ma ohm, chifukwa apa ambiri amataya ndalama. Udzaona Beyerdynamic DT 770 Pro, a ku Germany, abwino zedi, masiponji ofewa ngati bulangete. Koma amabwera mitundu itatu: 32, 80 ndi 250 ohms. Munthu amaona 250 n'kuganiza kuti nambala yaikulu ndiye yamphamvu. Ayi. Nambala ikakula, ndiye kuti amafuna chowakankha champhamvu. A 250 ukawalumikiza pa laputopu wamba, volyumu ukweza mpaka kumapeto koma mawu ali pansi. Amenewo amafuna interface yabwino, kabokosi kolumikizira maiki ndi mahedifoni ku laputopu, kapena amp yakeyake yokwezera mawu. Iwe pakadali pano khala pakati pa 32 ndi 80. Tsiku lina ukadzagula interface, kaya Focusrite Scarlett Solo kaya ya Behringer yotchipa, tidzakambirananso. Komanso DT 770 yatsopano ili pamwamba pa ndalama uli nazozi, usadzivutitse nayo panopa.

Za kogula. Mitengo imasinthasintha, ndiye yang'ana pa Takealot lero lomwe, uyerekeze ndi masitolo enieni a zida zoimbira monga TOMS kapena Marshall Music. Ngati R1,500 yako ikuperewera pa M40x, ine ndikuti pirira mwezi umodzi kapena iwiri, uwonjezere. Ngati sungadikire, tenga M20x mtima uli m'malo. Ukagula m'sitolo usunge lisiti, usalitaye. Kuno kuli lamulo lija la Consumer Protection Act, katundu akakhala ndi vuto mkati mwa miyezi 6 uli ndi ufulu wobweza kuti akukonzere, akusinthire kapena akubwezere ndalama. Koma ukagula kwa munthu wamba pa Facebook Marketplace, lamulo limenelo silikuteteza chimodzimodzi.

Sindikukuletsa kugula ogwiritsidwa kale ntchito, ayi, K240 anga ndinawapeza choncho. Kungoti mahedifoni otchuka monga M50x ndi MDR-7506 ali ndi ofanizira ake abodza ambiri, bokosi lokongola, dzina lomwelo. Ukaona akuti atsopano koma mtengo uli theka, choka. Usatumize ndalama usanawagwire m'manja. Mukumane pamalo pa anthu ambiri, masana, ndipo usapite wekha, Johannesburg ukuidziwa. Ukawavala, ika nyimbo imene umaidziwa bwino, umve ngati woimba ali pakati penipeni pa mutu, osapendekera kumanzere kapena kumanja. Gwedeza chingwe pamene chimalowera, umve ngati mawu akuduka. Kweza bezi pang'ono, umve ngati mbali ina ikunjenjemera ngati pepala. Masiponji othetheka asakuopse, amenewo amasinthidwa, ungotsitsa nawo mtengo.

Tsono chachikulu chimene ndikufuna uchigwire ndi ichi. Ngakhale utagula ati, sabata ziwiri zoyamba usathamangire kumiksa. Ingomvera nawo nyimbo za amapiano zomalizidwa bwino, zimene umazidziwa mmene zimamvekera m'teksi ndi pa masipika akuluakulu. Khutu lizolowere kuti log drum yabwino m'mahedifoni amenewa imafika apa, shaker, maseche aja, imakhala apa, woimba amakhala apa. Ukayamba kumiksa, ika imodzi mwa nyimbo zimenezo mu FL Studio pambali pa yako, uitsitse volyumu kuti zifanane, uzisinthasintha. Pomwepo udzamva wekha pamene wapyola.

Ndiye mahedifoni onse ali ndi bodza limodzi lofanana: khutu lakumanzere silimva za kumanja, ndiye nyimbo imamveka yotambasuka kuposa mmene ilili, ndipo reverb, kumveka kwa mawu ngati ali m'holo, umatha kuiyeza molakwika. Choncho uziisandutsa mono kawirikawiri, kuti mbali zonse ziwiri zizitulutsa mawu amodzimodzi, umve ngati china chasowa. Ukamaliza uitumize pa foni, uimvere pa kasipika ka foni komweko, chifukwa abale athu kumudzi ambiri adzaimvera pamenepo. Kasipika ka foni sikatulutsa bezi ya pansi. Log drum ikasoweratu pa foni, usaikweze volyumu, iwonjezere saturation, chokhakhalitsa mawu, pang'ono kuti ikhale ndi mawu apamwambako omwe foni ingathe kutulutsa. Kenako uiyese pa sipika ya mnzako, ndi m'galimoto ngati alipo wokulola.

Makutu akowo uwasamale, mphwanga, apa ndikunena ngati mkulu wako. Akatswiri a zaumoyo pantchito amati phokoso la 85 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) malire ake ndi maola 8 patsiku, ndipo ukangowonjezera 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati. M'mahedifoni n'kosavuta kupyola osadziwa, makamaka usiku nyimbo ikakoma. Miksa motsitsa, ola likatha uvule, upume mphindi khumi. Ukavula n'kumva m'khutu mukulira kuti nziii, wapyola. Ndikudziwa anzanga a pa mikisa amene kulira kumeneko sikunawathe mpaka lero.

Loweruka ndikhala pakhomo kuyambira 2 koloko masana. Bwera ndi laputopu yako ndi biti ija unatumiza sabata yatha, udzavale M40x ndi K240 anga, udzimvere wekha kusiyana kwake usanatulutse ndalama. Ukafika m'tauni undiimbire ndikuuze teksi yokwera. Amayi, ngati mwamvera mpaka pano, mwana wanuyu akuyesetsa, biti yake ndinaimva ndipo ili ndi mutu. Ndikuimbirani madzulo ano ndikadya.