Nyumba ya ku Chitipi: kodi kalata ya amfumu ndi yokwanira?

FUNSO

Amalume,

Ndine mphunzitsi wa kupulayimale. Ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe m'nyumba ya lendi pamodzi ndi ana athu atatu. Amuna anga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo takhala tikusunga ndalama kuti tigule nyumba yathuyathu. Alandilodi akweza lendi kawiri chaka chino chokha, ine ndatopa nazo. Dobadoba wina wandionetsa nyumba ku Chitipi, chakufupi ndi msewu wa ku Mchinji. Ili ndi zipinda zogona zitatu, ndi yamalata, magetsi alipo, kuseri kuli chitsime. Mtengo akuti K42 miliyoni. Wogulitsa ndi mnyamata amene akuti nyumbayo adamusiyira ndi malemu bambo ake, ndipo pepala lomwe ali nalo ndi kalata ya anyakwawa yokhala ndi chidindo. Dobadobayo akuti ndipereke theka pofika Lachisanu chifukwa pali wina amene akuifunanso. Amuna anga akuti tilipire msanga ndalama isanathe mphamvu. Nyumbayo ndaikonda koma usiku tulo sindikutiona. Nditani?

Mayi wa ana atatu, Area 25

YANKHO

Mayi, Lachisanu likubwerali musapereke ndalama, ngakhale theka la thekalo. Sindikunena kuti nyumbayo ndi yoipa kapena kuti mnyamatayo ndi wakuba. Ndikunena kuti pakadali pano simukudziwa ngati iyeyo ali ndi mphamvu yogulitsa, ndipo zimenezi sizidziwika pa masiku anayi.

Nkhawa ya amuna anu ndikuimvetsa. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene adasunga ndalama yoti agulire simenti ndi malata adalira. Komanso n'zoona kuti mbali ya Chitipi, Njewa ndi Mpingu ikukula mofulumira. Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 670,000 mu mzinda wa Lilongwe, wa 2018 adapeza pafupifupi 990,000, ndipo ambiri amene asowa malo mkati mwa mzinda akuthamangira m'mphepete momwemo. Pomwe panali minda ya chimanga ndi mtedza lero pali mipanda ya njerwa. Mitengo ikwerabe, zimenezo sindikutsutsa. Koma kwacha ikagwa mumataya gawo la ndalama zanu. Mukagula kwa munthu wolakwika mumataya zonse, n'kuwonjezerapo za loya ndi zaka zoyendera kukhoti.

Chondidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si chidindo cha amfumu ayi, koma mawu oti "adamusiyira ndi malemu bambo ake". Mayi ake a mnyamatayo ali kuti? Ali moyo? Ali ndi abale angati, ndipo mwa iwo alipo ana osakwana zaka 18? Malemuwo anali ndi mkazi mmodzi? Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilu, chuma chake n'cha mkazi kapena mwamuna wake, ana onse, ndi ena amene ankadalira iyeyo. Mwana mmodzi, kaya ndi woyamba kubadwa, sangadzuke n'kugulitsa nyumba payekha. Payenera kukhala munthu amene wapatsidwa chilolezo choyendetsa chumacho, chikalata chija amachitcha letters of administration, ndipo nkhani zotere zimadutsa kukhoti, kwa DC kapena ku ofesi ya Administrator General. Mufunseni akuonetseni chikalata chimenechi. Ngati pali wilu, aionetse. Akayamba kuzungulirazungulira, mwadziwa kale pomwe mwaima.

Palinso china chimene anthu a m'tauni timaiwala. Kumeneko ndi kwa Achewa, ndipo malo ambiri amayenda motsata kuchikazi. N'kutheka kuti malemuwo anali mkamwini, adamanga nyumba ndi ndalama zawo koma pa malo a kwa akazi awo. Zikatero mungagule makoma, koma mawa mwini mbumba n'kutulukira kunena kuti nthakayo ndi ya mbumba yake, sadagulitse. Milandu yotereyi ndaiona ikudya mabanja, ndipo wogula ndi amene amatsala pakati, alibe womuikira kumbuyo chifukwa m'mudzimo ndi mlendo. Choncho pemphani kuti mukumane ndi banja lonse pamaso pa amfumu: mayi wamasiye ngati alipo, ana onse, ndi amalume awo a anawo. Aliyense anene ndi pakamwa pake kuti wavomera, asayine kapena adinde chala, ndipo mulembe nambala ya chiphaso chake cha unzika. Amene ali kutali alembe kalata. Wogulitsa woona sakana zimenezi.

Tsopano za kalata ya anyakwawa. Siyachabechabe, chifukwa ikusonyeza kuti mudziwo ukuwadziwa anthuwo. Koma si taito didi. Kubanki simungakongolere nayo ndalama, ndipo siyiletsa kuti poloti yomweyo igulitsidwe kwa anthu awiri, aliyense ndi kalata yake ya chidindo. Kuyambira pa malamulo a malo a 2016, omwe adakonzedwanso mu 2022, nkhani ya malo a kumudzi sili m'manja mwa mfumu yokha. Lamulo lidakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense, agulupu ndiwo wapampando, ndipo mwa mamembala asanu ndi mmodzi osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Ntchito yokhazikitsa makomitiwa ndi kulembetsa malo ikuyenda pang'onopang'ono, madera ena ili patsogolo, ena ayi. N'chifukwa chake muyenera kupita nokha ku ofesi ya za malo ya khonsolo ya boma la Lilongwe, kapena ku Unduna wa za Malo, mukafunse zinthu zitatu: ngati malowo ndi a kumudzi zenizeni kapena ali mkati mwa lizi ya munthu wina kapena malo a boma, ngati pali pulani ya msewu kapena chitukuko china chodutsa pamenepo, ndiponso njira yovomerezeka yosinthira umwini pa malo amtundu umenewo. Osatuma dobadoba. Iye amadya pokhapokha malonda atatheka, ndiye sangakubweretsereni uthenga woononga malondawo.

Mwati nyumbayo ili "chakufupi" ndi msewu wa ku Mchinji. Kufupi bwanji? Umenewo ndi msewu waukulu, M12, ndipo mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse ndi malo a msewu. Chomangidwa mkati mwa malire amenewo chingagwetsedwe tsiku lililonse. Pitani ndi tepi mukayeze. Yang'ananinso kumwamba ngati sipakudutsa mawaya akuluakulu a ESCOM. Za malire a polotiyo, itanani oyandikana nawo mbali zonse kuti aloze okha pomwe malo awo athera, ndipo mukagwirizana zogula, lembani saveya wovomerezeka aike mabikoni.

Nyumba yeniyeniyo musaione ndi maso anu okha. Tengani mmisiri amene mumamukhulupirira, osati wobwera ndi wogulitsa. Akwere kudenga aone ngati chiswe sichidadye mitengo, agogode makoma, aone ming'alu ya m'makona a mazenera ndi zitseko. Penti watsopano mbali imodzi yokha ya khoma, makamaka chakumunsi, kawirikawiri amabisa chinyontho. Kenako kachezeni ndi amayi a pamjigo popanda dobadoba, muwafunse kuti mu Januwale ndi Febuluwale madzi amayenda bwanji pamenepo, ndipo galimoto imafika kapena ayi. Safunsa adadya phula. Malo ambiri amene akumangidwa masiku ano anali madambo, m'chilimwe amaoneka ouma bwinobwino. Anthu a ku Mtandire akukumbukira zimene mtsinje wa Lingadzi udachita mu Febuluwale 2017.

Chitsime cha kuseri chija chili patali bwanji ndi chimbudzi chanu ndi cha aneba? Muli ndi ana atatu, ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023 adapha anthu ambiri mu Lilongwe momwemu. Funsani ngati mapaipi a madzi adafika m'deralo. Mita ya magetsi nayo muione kuti ili m'dzina la ndani, ndipo ngati siyikugawidwa ndi nyumba ina.

Muwerengerenso ulendo. Kuchoka ku Chitipi kufika ku Area 25 ndi maminibasi awiri, kupita ndi kubwera, masiku asanu pa sabata, mwina ndi kabaza pamwamba. Yesani ulendowo m'mawa wa tsiku lantchito muone nthawi yomwe mungafike kusukulu, ndipo muganizire ngati mudzapempha transifa komanso kumene anawo adzaphunzire. Ndalama ya lendi imene mukuithawa isakathere m'thumba la kondakitala.

Zonse zikayenda bwino, pezani loya alembe mgwirizano wogulitsana. Ambiri amaona ngati n'kutaya ndalama, koma poyerekeza ndi K42 miliyoni n'zochepa. Lipirani kudzera kubanki kuti pakhale umboni, m'zigawo, ndipo gawo lalikulu lipite pamene makiyi ali m'manja mwanu, nyumba ili yopanda munthu, mapepala asayinidwa. Pamapepalapo palembedwe mayina awiri, lanu ndi la amuna anu. Ndikunena izi osati pokayikira banja lanu. Kalata yanu yomweyi ikuonetsa zimene zimachitika bambo akamwalira zinthu zisadalembedwe bwino, ndipo sindikufuna kuti ana anu adzakhale pomwe pali mnyamata uja. Amuna anu atumizireni yankho langali pa WhatsApp awerenge okha. Ngati wogulitsa sangadikire milungu itatu kapena inayi kuti zonsezi zichitike, musiyeni agulitse kwa winayo.

FUNSO

Amalume, ine ndapeza nyumba ku Chigumula mu Blantyre yomwe ili ndi taito didi, ndaiona ndi maso anga. Ndikufuna kutenga ngongole kubanki. Popeza mapepala alipo, palinso choopa?

Bambo wa ku Machinjiri

YANKHO

Bambo, mwayamba bwino, koma pepala la m'manja mwa wogulitsa silinena zonse. Tengani nambala ya taitoyo mupite nayo ku kaundula wa malo ku Blantyre, mukalipire kuti akufufuzireni. Kumeneko mudzaona dzina la mwini wake lenileni, zaka zimene zatsala pa lizi, popeza malizi ambiri a nyumba ndi a zaka 99, komanso ngati nyumbayo siidaikidwe kale chikole kubanki ina kapena kuletsedwa ndi khoti. Dzina la m'kaundula lifanane ndi la pa chiphaso cha amene akukugulitsaniyo. Ngati ali pabanja, akazi awo adziwe ndipo asayine nawo. Ngati polotiyo idachokera ku Malawi Housing Corporation, funsaninso kumeneko za kusintha dzina.

Funsani malisiti a msonkho wa khonsolo ya mzinda ndi lendi ya nthaka, chifukwa ngongole zakale zimenezi zimatsata nyumba ndipo zidzakupezani inuyo. Pambali pa mtengo wa nyumba sungani ndalama ya loya, ya woyerekeza mtengo wa nyumba amene banki idzafune, ya inshulansi ndi ya stamp duty. Wogulitsa nayenso ayenera kutenga chikalata cha ku MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino.

Pa ngongoleyo khalani tcheru. Mu 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo ngongole zambiri za nyumba chiwongoladzanja chake chimasintha potsata msika. Auzeni akubanki akulembereni papepala zimene muzilipira pamwezi lero, zimene muzilipira chiwongoladzanja chikakwera, ndi ndalama zonse pamodzi pofika kumapeto. Funsaninso ngati pali chilango mukafuna kubweza msanga. Pepala limenelo mupite nalo kunyumba mukaliwerenge pamodzi ndi akazi anu musadasayine kanthu.