Anapiye anga a Ayam Cemani ali ndi tizala toyera, kodi andibera?

Sabata ino mayi wina amene wangoyamba kumene kuweta nkhuku zakuda zija za Ayam Cemani wanditumizira imelo. Akuti anagula mazira 12, aswa 8, koma anapiye atatu ali ndi tizala toyera ndi lilime lapinki, ndiye akufunsa ngati wogulitsa uja anawapusitsa. Anadabwanso kuti mazirawo sanali akuda ngati a pa zithunzi za pa Facebook.

Mayi, za mazirazo musadandaule nazo. Cemani imaikira mazira otuwa ngati kirimu basi, akuda mumawaona aja ndi opaka penti kapena a mbalame ina. Magazi ake nawonso ndi ofiira, asakunamizeni.

Nkhani ili pa tizalato. Nkhukuzi kwawo ndi pachilumba cha Java ku Indonesia, zinalowa ku Ulaya mu 1998 kudzera kwa mlimi wa ku Netherlands, Jan Steverink. Kudako kumachokera mu chibadwa chotchedwa fibromelanosis, pomwe jini (kachidutswa ka chibadwa) yotchedwa EDN3 inabwerezedwa, ndiye utoto wakuda sumathera mu nthenga ayi, umalowa mu khungu, mu nyama mpaka m'mafupa. Nkhuku za mitundu ina monga Silkie ya ku China, Kadaknath ya ku India ndi Svarthöna ya ku Sweden nazonso zili nacho. Vuto ndi loti chibadwachi ndi champhamvu, tambala wa Cemani akakwera thadzi wamba wakuda anapiye ambiri amatuluka akuda ndithu moti pa chithunzi simungawasiyanitse, ndipo ogulitsa ena amapezerapo mwayi pomwepo. Koma ngakhale makolo onse atakhala enieni, sikuti ana onse amada mofanana. Ndiye tizala toyera patokha si umboni woti munaberedwa. Funsani zithunzi za makolo ake, makamaka kukamwa ndi kunsi kwa mapiko.

Ine ndimatere: ndimamunyamula mwanapiye pa dzuwa, osati pa getsi la m'khola, nkumutsegula kukamwa pang'onopang'ono ndi chala. Kenako ndimapemerera tinthenga ta kunsi kwa phiko kuti khungu lioneke, ndimalize ndi zikhadabo ndi kuphazi. Lilime lotuwa ngati phulusa sindilimbana nalo, lakuda bii ndi losowa kwambiri. Koma lapinki ngati la nkhuku wamba, ameneyo ndimamumanga kachingwe kumwendo kuti asadzalowe mu gulu la mbeu.

Musafulumirenso kuweruza. Ndinalakwitsapo pamenepa, kutengeka mtima ndi tambala wina poti anali wokongola ali wamng'ono, kufika miyezi 6 nthenga za m'khosi zinayamba kutuluka zofiirira, lipombo nalo nkumaoneka lofiira, pomwe ndinali nditamusunga kale ndi misoti yanga yabwino. Ana ake onse ndinawachotsa mu mbeu. Chaka chathunthu chinapita chomwecho.

Dziwaninso kuti siziikira kwambiri, mazira 60 mpaka 100 pa chaka, ndipo kufungatira ndi zaulesi. Mufunika inkyubeta pa madigiri 37.5 kwa masiku 21, kapena thadzi la mtundu wina loti lizikufungatirirani, Silkie amaitha ntchito imeneyi. Atatu ajawo aleleni bwinobwino, katemera wa chitopa alandire ngati anzawo, kungoti akakula muwapatule. Pa asanu otsalawo mukapeza awiri oda bwino, yambirani pamenepo, koma tambala mukafune kwa woweta wina kuti musakwatitse apachibale.