Chithunzi cha bambo chamatirira pagalasi: musachimatule, achemwali

Achemwali, funso lanu ndaliona ndili m'takisi pochokera kuntchito, ndipo ndati ndisagone ndisanakuyankheni, chifukwa ena mwa mayankho amene anthu akupatsani angakulizeni. Mwati muli ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu bambo anu, chimene anajambulitsa ali kumigodi kuno ku Joni nthawi ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodi. Denga la chipinda chanu ku Rosettenville linadontha ndi mvula ya sabata yatha, madzi analowa m'felemu, pano chithunzicho chamatirira pagalasi ndipo cham'munsimu chachita mathothomathotho. Mukuchifuna pa mwambo wa chiliza mu Disembala kumudzi ku Ntcheu.

Chonde musachimatule. Ngakhale kukanda pakona ndi chikhadabo kuti muone ngati chikulola, ayi.

Zithunzi zakale zija za black and white si inki yopakidwa papepala ngati zimene timapulinta masiku ano. Pamwamba pa pepalalo pali kachikopa kopyapyala ka gelatin, ndipo nkhope ya bambo anu ili m'kachikopa kameneko, yopangidwa ndi timadontho ta siliva. Kachikopako kakanyowa kamafewa n'kuyamba kunata ngati ulimbo, kenako pouma kamagwira galasi zolimba kuposa mmene kagwirira pepala lake lomwe. Ndiye mukakoka, pepala limabwera m'manja mwanu loyera mbee, nkhope n'kutsala pagalasi zidutswazidutswa. Ine zinandionekera. Ntchito yokonza zithunziyi ndinaiyamba ngati chotayitsa nthawi pa lockdown ya 2020, tili bindikiro m'nyumba, ndipo chithunzi choyamba chimene ndinagwira chinali cha mayi anga ali mtsikana. Ndinakoka pang'onopang'ono, ndikudziona ngati dokotala. Ndinangomva kuti tswee, khutu lawo ndi theka la duku zatsala pagalasi. Mpaka lero ndikachiyang'ana mtima umandipweteka.

Amene akuti muchiviike m'madzi ofunda sakunama kwenikweni, nthawi zina chimamatukadi chokha. Koma njira imeneyo ndi ya pamapeto, ndipo ndi juga. Ngati mathothomathotho mukunenawo ndi chuku, ndiye kuti gelatin wadyeka kale, ndipo mukachiika m'madzi nkhope ingosungunuka mukuona. Komanso ojambula a m'masitudiyo akale ankakonda kupaka utoto pamanja, pena pataye pena pamasaya, ndipo utoto umenewo umasuluka, chimodzimodzi chidindo ndi zolemba za kuseri. Zochitenthetsa ndi simbi kapena hair dryer ndiye musayerekeze n'komwe. Padzuwanso ayi.

Chimene muchite mawa ndi ichi. Tembenuzani felemu, chotsani timisomali ndi chikatoni cha kuseri chija, chifukwa ndi chimene chikusunga chinyezi. Galasi ndi chithunzi muzitulutse pamodzi ngati chinthu chimodzi, muzigoneke patebulo pamthunzi, pamalo popita mphepo, masiku awiri kapena atatu. Mwayi wake kuno ku Joni mpweya ndi wouma, si ngati ku Durban kapena ku Nkhata Bay, ndiye sichichedwa kuuma. Chikauma, pukutani galasi kunja kokha ndi kansalu kofewa. Mankhwala opukutira mawindo musawapopere pagalasipo, amayenderera m'mphepete n'kulowa mkati.

Kenako mujambule chithunzicho chili pagalasi pomwepo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye mundilole nditalikitse.

Pa chithunzi wamba, chosamatirira, scanner ndiye yabwino. Muuze wa pa internet café kapena pa PostNet kuti mukufuna 600 dpi (kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse), ndipo muimirire pomwepo muone kuti wasinthadi, chifukwa makina ambiri amakhala atawatchera pa 200 kapena 300, zoyenera ma CV ndi mapasipoti. Chithunzi cha 10 cm ndi 15 cm pa 600 dpi chimatuluka pafupifupi mapikiselo 2400 ndi 3600, okwanira kuchikulitsa kawiri osaphwanyika. Tizithunzi ting'onoting'ono ta saizi ya pasipoti timafuna 1200. Asikane ngati cha kala ngakhale chili cha black and white, chifukwa madontho achikasu savuta kuchotsa pakompyuta ngati mtundu wake ukuoneka. Ngati makinawo ali ndi mtundu wa fayilo wotchedwa TIFF, sankhani umenewo, osati JPEG. JPEG imataya kanthu pang'ono nthawi iliyonse imene mwaikonza n'kuisevanso.

Koma chanucho chili kuseri kwa galasi, ndipo ma scanner opyapyala otchipawa amaona bwino chokhacho chimene chagunda galasi lawo. Chikatalikira ndi mamilimita awiri okha chimatuluka cha mbuu. Ndiye foni yanu yomweyo ikhoza kugwira ntchito yabwino kuposa scanner. Dikirani m'mawa, muike chithunzicho pansi pafupi ndi windo pamene pali kuwala koma dzuwa silikuwomba mwachindunji. Zimitsani babu, zimitsani flash. Pukutani diso la kamera, ambirife timaiwala kuti foni imakhala m'thumba limodzi ndi makiyi ndi vaselini. Sanjikizani mabuku mbali ziwiri, mugoneke foni pamwamba pake kuti iyang'ane pansi molunjika, osapendekeka, kenako mutchere timer kuti dzanja lisaigwedeze. Vuto lalikulu ndi lakuti galasi limaonetsa inuyo ndi foni yanu ngati kalilole. Ine ndimatenga katoni, ndimaipaka polishi wakuda wa nsapato, ndimaboola kabowo ka diso la kamera, foni n'kukhala kuseri kwake. Valaninso malaya akuda. Mudzaoneka ngati mukuchita zamatsenga koma zimathandiza. Ngati zonsezi zikukuchulukirani, pali app yaulere ya Google yotchedwa PhotoScan, imakuuzani kuti muyendetse foni pa timadontho tinayi ndipo imachotsa yokha kunyezimirako, ngakhale kuti kamera ya foni payokha imatulutsa chakuthwa kuposa iyo. Jambulani kakhumi, musankhe chimodzi.

Kuseri kwake mujambulenso. Kumeneko nthawi zambiri kumakhala chidindo cha situdiyo, deti, dzina la mgodi, pena nambala ya munthuyo ya kuntchito. Ngati bambo anapita ndi Wenela, chithunzicho chiyenera kuti chili ndi zaka cha m'ma 50 kapena kuposa. Paja ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha a Malawi opitirira 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa zotumiza anthu kumigodi. Zinadzayambiranso mu 1977, dzina litasintha kukhala TEBA, imene agogo athu amati Theba, mpaka 1988. Ndiye kadeti ka kuseriko kangakuuzeni ulendo umene bambo anali, zimene mwina ngakhale azakhali anu aiwala.

Fayilo yoyambayo, yosakonza, yokhala ndi mathothomathotho ake onse, muisunge malo atatu: pafoni, pa flash, ndi pa imelo yanu kapena Google Drive. Foni kuno imapita nthawi iliyonse, tonse tikudziwa za mu MTN rank, pokwerera matakisi m'tauni. Potumizira abale pa WhatsApp muitumize ngati Document, osati ngati chithunzi, apo ayi WhatsApp imaifinya, ndipo ikazungulira magulu atatu a pabanja imabwerako ngati yajambulidwa ndi mbatata.

Kukonza kwenikweniko si kovuta monga anthu amaganizira, kumangofuna kudekha ngati kusankha mpunga. Palaputopu pali GIMP, yaulere. Photopea imatseguka pa intaneti osalowetsa chilichonse m'kompyuta. Pafoni pali Snapseed. Zonsezi zili ndi chida chotchedwa Heal kapena Healing, chimene chimatenga malo abwino a pafupi n'kuphimbira pamene pawonongeka, ngati kusoka chigamba ndi nsalu ya malaya omwewo. Kulitsani chithunzicho kwambiri, muyambe ndi khoma la kumbuyo ndi jekete, dzanja lizolowere, nkhope ikhale yomalizira. Mukatero pitani pa Levels kapena Curves kuti chakuda chide ndipo choyera chiyere, koma pang'ono. Nthawi zonse muzigwira ntchito pa kope, osati pa fayilo yoyamba ija.

Tsopano za ma app a AI okonza zithunzi okha, amene anthu atatu akutchulirani m'mayankho awo. Ine sindidana nawo, ndimawagwiritsa ntchito pochotsa timizere pazovala ndi pamakoma. Koma pankhope ndimawaopa. Iwo sabwezeretsa chimene chinafufutika, chifukwa sanachionepo. Amangolota nkhope yofanana ndi zikwizikwi za nkhope zimene anaphunzirapo, n'kuiveka pa m'bale wanu. Chithunzi cha mayi anga chija ndinachilowetsa mu ina mwa ma app amenewa. Chinatuluka chowala, khungu see ngati la pa TV, nsidze zometa bwino, mano ondondozana. Ndinasangalala, ndinatumizira amalume ku Dedza. Anandiimbira foni n'kufunsa kuti, "Mphwanga, mkazi wokongolayu ndi wa kwa yani?" Mayi anga anali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo ndi mphini ziwiri patsaya lamanzere. App inaona mphinizo ngati zokalika, inazifufuta, mpatawo inautseka. Anatsala munthu amene sanakhaleko padziko lino. Tangoganizani nkhope yotero atailemba pamwala wa chiliza, adzukulu n'kumakula akudziwa kuti agogo awo ndi amenewo.

Zopaka kala n'chimodzimodzi. Makina sadziwa ngati jekete la bambo linali la bulauni kapena la buluu, amangoponya. Ngati mukufuna cha kala, pangani chapadera chokongoletsa pabalaza, koma cha pachiliza ndi chogawira abale chikhale cha black and white mmene anachijambulira. Ndipo musanakapulinte, chionetseni kwa munthu wamkulu amene ankadya nawo nsima mbale imodzi. Akati "eya, ndi yemweyo," ndiye kuti mwakhoza. Ngati mbali ina ya nkhope yawonongekeratu, kuli bwino pakhale pa mbuu pang'ono kusiyana n'kuikapo diso la munthu wina.

Pokapulinta pitani kumene amatsuka zithunzi, osati pa printer ya muofesi. Felemu yatsopano ikhale ndi kachikatoni ka m'mphepete kaja kolekanitsa chithunzi ndi galasi, kuti za ulendo uno zisachitikenso. Chopita kumudzi mukhoza kuchilamineta, poti chidzagwiridwa ndi manja ambiri. Koma chenichenicho musadzalole munthu achilaminete. Mnzanga wina anapereka chithunzi cha ukwati wa makolo ake pa shopu ina m'tauni kuti amupangire kope, anachipeza atachiwotchera m'pulasitiki ati kumuthandiza. Pulasitiki imeneyo sichoka, ndipo kutentha kuja kunachita matuza pankhope ya mkwatibwi.

Chenichenicho, ndi galasi lake lomwe, muchikulunge m'pepala loyera losalembapo, muike pakati pa makatoni awiri olimba, chikhale m'kabati m'mwamba, kutali ndi khoma lakunja ndi pansi pa bedi pamene madzi amayambira kufika. Selotepi, guluu, mastepulo ndi malabala zisayandikire. Ngati mtima ukufunabe kuti chichoke pagalasi, imeneyo ndi ntchito ya akatswiri osamala zinthu zakale. Mukhoza kukafunsa ku Newtown, ku Market Photo Workshop, sukulu ya zojambula imene David Goldblatt anayambitsa mu 1989, kuti akulozereni munthu wodziwa. Muli komweko mukalowenso mu Workers' Museum, komponi yakale imene munkagona amuna obwera kudzagwira ntchito mumzinda uno. Mukaona mabedi a simenti aja, suti imene bambo anavala pachithunzipo mudzaiyang'ana ndi maso ena.

Mukapita mu Disembala, nyamulani pensulo ndi kope. Zithunzi zina zili m'masutikesi a azakhali ndi m'mabaibulo, ndipo amene angatchule mayina a anthu ali pamenepo akutha chaka ndi chaka. Muwakhazike pamkeka, azitchula, inu muzilemba kuseri ndi pensulo mopepuka. Bolopeni imadinda mpaka kutsogolo.

Mukajambula chikauma, nditumizireni ku inbox ngati Document ndione kuti madziwo afika pati. Ngati sanakhudze maso ndi mphuno, Loweruka likudzali ndikhoza kukhala nacho pansi, magetsi akalola. Sindilipiritsa, koma pobwera kumudziko musaiwale kanyemba ka ku Lizulu.