Kunja kwacha bwino, nanga bwanji mnzathu akukana kukwera phiri?

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndi anzanga timakonda kuyenda mmapiri nyengo yozizira, kutali ndi njira zokonzedwa zija. Sabata yatha sinowo inagwa masiku awiri osalekeza kenako kunacha bwinobwino dzuwa lili phwee, koma mnzathu wina anakanitsitsa akuti alengeza ngozi ya avalanche (kugumuka kwa sinowo paphiri) ya level 3. Kodi 3 pa 5 si pakati chabe? Sanangochita mantha ameneyu? Ndine wowerenga wanu.

Yankho: Ayi achimwene, mnzanuyo mumuthokoze ndithu. Mulingo umene amagwiritsa ntchito ku Europe kuyambira 1993 umayambira 1 kulekeza 5, koma anthu ambiri amafera pa 3 pomwepo, chifukwa pa 4 ndi 5 aliyense amaopa n'kukhala pansi pomwe pa 3 phiri limaoneka labwinobwino anthu n'kumapita.

Vuto lili pansi, pomwe maso saona. Sinowo imaunjikana mosanjikizana, iliyonse ndi tsiku lake, ndiye kukazizira kwambiri usiku kopanda mitambo pamapangika ina yosagwirana, ukaitapa m'manja imangoyoyoka ngati shuga. Pamwamba pake pakagwa yatsopano, mphepo n'kuikankhira mbali imodzi ya phiri n'kuitsendera, imasanduka ngati chithabwa chachikulu chogona pa mchenga, chikungodikira kulemera kwa munthu mmodzi basi kuti chithyoke n'kutsetsereka chonse nthawi imodzi. Ichi ndiye chimandiwawa ine, ngozi zambiri zopha anthu amaziyambitsa ndi ovulalawo eni ake kapena mnzawo wa pagulu lomwelo. Ndipo tsiku loyamba kucha bwino sinowo itangogwa, ngati lanu lija, ndi limodzi mwa masiku oipitsitsa.

Malo oopsa kwambiri ndi otsetsereka madigiri 30 mpaka 45. Mukamva pansi pakulira kuti "vuuu" ngati pakutitimira, kapena mng'alu ukuthamanga kuchokera pamapazi anu, olo mwaona pena pagumuka kale tsiku lomwelo, bwererani osakambirananso. Werenganinso lipoti lonse la tsikulo osati nambala yokha, ku Switzerland amatulutsa ndi a SLF, bungwe lofufuza za sinowo la ku Davos, ku Canada ndi a Avalanche Canada, ndipo amanena mbali ya phiri ndi kutalika komwe kuli vuto.

Za zida musanyengerere. Aliyense akhale ndi beacon (kachipangizo kothandiza anzake kumupeza akakwiririka) yoyatsa pathupi, ndodo yofufuzira ndi fosholo. Munthu akakwiririka yense, oposa 90 pa 100 alionse amapezeka amoyo akafukulidwa msanga mkati mwa mphindi 10, koma zikadutsa mphindi 35 ambiri amakhala atatsamwa kale, ndipo sinowo ikaima imalimba moti simungakumbe ndi manja. Helikopita nthawi zambiri siifika mu mphindi zimenezo, okufukulani ndi anzanu omwewo, ndiye yesererani limodzi kusaka beacon yokwiriridwa musanapite, ndipo pamalo okayikitsa muziwoloka mmodzimmodzi enawo akuyang'anira ali potetezeka.