Nyumba yadzaza katundu, ana akuthawa tsache: tiyambire pati?

Mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe wandilembera pa imelo. Ali ndi ana atatu, mtsikana wa zaka 13 ndi anyamata awiri, wa zaka 10 ndi wa zaka 6, ndipo akukhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri zogona. Mwachidule akuti: "Nyumba yadzaza moti kunsi kwa bedi sikulowanso tsache. Ndikati titaye zina, bambo a ana amati zisiyeni, zidzagwira ntchito. Amene amandithandiza ndi mtsikana yekha, anyamata akangoona ndowa ndi chokolopera ulendo wa kumpira. Mwezi watha ndinatolera katundu ndekha iwo kulibe n'kukataya. Panabuka mkangano, ndipo wamng'onoyo analira tsiku lonse chifukwa cha galimoto yake ya mawaya. Ndichite bwanji kuti tigwire ntchitoyi tonse mvula isanagwe?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyamba ndi bambowo, chifukwa zimene akunenazo si zabodza.

Kwathu kuno chinthu sichifa msanga. Chigubu cha mafuta ophikira chikatha mafuta chimakhala chotungira madzi. Thumba la feteleza limasunga chimanga, likabooka limasunga makala, likatheratu timaliyala pakhomo popondera. Malaya ong'ambika ndiwo chokolopera. Munthu amene anakulira m'nyumba yomwe botolo lopanda kanthu linali chuma simungangomuuza kuti tayani, amve. Malangizo ambiri okonzera m'nyumba omwe timawaona pa intaneti analembera anthu amene nyumba zawo zimadzaza chifukwa chogula mopitirira muyeso. Zathuzi zimadzaza chifukwa choopa kudzasowa mawa, ndipo mantha amenewo ali ndi pochokera.

Ndiye musatsutsane nawo za kugwira ntchito kwa chinthucho. Avomerezeni, kenako mufunse mafunso awiri: chidzagwira ntchito kwa ndani, ndipo liti? Akati wailesi yakufayo adzapita nayo kwa okonza mwezi ukatha, ilembeni pa kalendala, ikhale. Akati matayala a njingawo ndi a mphwawo wa kumudzi, chabwino, akwere basi ndi munthu woyamba wopita kumeneko. Koma chinthu chimene palibe akutha kutchula mwini wake kapena tsiku lake chikungodya malo omwe mukulipira lendi, ndipo amene akupindula nacho ndi mphemvu ndi makoswe. Mafunso omwewa muwafunsenso pa zitenje zanu za misonkhano ndi maukwati zomwe zadzaza sutikesi, ana akumva. Akaona kuti lamulolo likuluma ndi amayi omwe, salikana.

Za galimoto ya mawaya ija ndikuuzani mosabisa: mwanayo anali ndi chifukwa cholirira. Inu munaona mawaya adzimbiri. Iye anaona masiku omwe anakhala pansi kupinda mawayawo, kusaka zitsekerero za mabotolo zopangira mateyala, kumanga chiwongolero ndi mphira. Mwana amene watayiridwa chinthu chake iye kulibe amaphunzira kubisa, ndipo akamva kuti lero tikukonza m'nyumba amamva kuti lero tikulandidwa. Mupepeseni ndi mawu ochepa, mumulonjeze kuti kuyambira pano chinthu cha munthu sichituluka pakhomo mwini wake asanachione. Lonjezo limeneli likhudze aliyense, ndi bambo omwe.

Patsiku la ntchito musalimbane ndi nyumba yonse, mungathere panjira katundu ali mbwee, inu mutu ukuwawa. Sankhani malo amodzi. Ine ndikanayamba ndi kunsi kwa bedi komwe mwatchulako. Loweruka m'mawa, dzuwa lisanakwere, yalani mphasa pabwalo, tulutsani zonse za kunsiko muziike poyera. Panja chinthu chimaoneka mmene chilili: nsapato ya mwendo umodzi, makope a Sitandade 2 omwe chiswe chayamba kale, chaja ya foni yomwe inatayika kalekale, katoni yomwe pansi pake pachita chuku. Matiresi nawo atuluke aone dzuwa, ndipo muyang'ane bwino m'misoko mwake ndi m'ming'alu ya bedi ngati mulibe nsikidzi. Aliyense akhale pafupi ndi mulu wake. Mwana aliyense mumupatse katoni imodzi yolembedwa dzina lake, mumuuze kuti chilichonse cholowa m'menemo n'chake ndipo safunsidwa chifukwa chake. Akaikemo miyala, mpira wa majumbo, nthenga ya nkhanga, zili kwa iye. Malire ndi katoniyo basi. Ikadzaza, asankhe yekha chotuluka. Mudzadabwa kuona mwana wa zaka 6 akuganizira mofatsa kuti pakati pa ziwiri asunge chiti, pomwe mukanamulamula akanakakamira zonse.

Tsopano anyamatawo. Apa ndiye pamene pakundikhudza kwambiri m'kalata yanu. Mtsikana wa zaka 13 ali pafupi ndi mayeso a Sitandade 8, kapena wangoyamba kumene sekondale. Ola lililonse lomwe akutsuka mbale za alongo ake iwo ali kumpira likuchoka pa nthawi yake yowerenga. Ndipo anyamatawo tikuwalakwira nawonso, chifukwa tsiku lina adzapita kusukulu yogonera komweko kapena adzakhala okha pa lendi, osadziwa kuchapa kolala ya malaya. Anyamata sabadwa akudana ndi tsache, amangoonera amene amaligwira pakhomopo. N'chifukwa chake nkhaniyi muyambe mwakambirana ndi bambo awo kuchipinda, osati pamaso pa ana. Chimene mukuwapempha n'chochepa: Loweruka limenelo akhalepo, anyamule bedi, achotse akangaude kudenga, akolope chipinda chimodzi ana akuona. Mnyamata wa zaka 10 akaona bambo ake atapinda buluku ali ndi chokolopera m'manja, mawu oti ntchito ya akazi amathera pomwepo.

Ntchito muzipereka yooneka pothera. Mukati konzani m'chipindamo, mwana sadziwa poyambira ndipo amangozungulira. Wamng'onoyo muuzeni kuti apeze mnzake wa nsapato iliyonse n'kuzindandalika kukhoma, kapena apezere kontena iliyonse chivindikiro chake, zopanda zivindikiro aike padera. Wa zaka 10 akhoza kusesa bwalo, kuwaza madzi kuti fumbi lisabuke, kukwecha mapoto ndi phulusa, kusankha makope omwe akadali ndi masamba osalemba. Mbale ndi kukolopa azisinthana ndi mlongo wake sabata ndi sabata, mulembe papepala mumate kuseri kwa chitseko kuti pasakhale zokangana. Akakolopa mosiya mizere, musalande chokolopera n'kubwereza iye akuona. Muonetseni kamodzi kafinyidwe kake, mumusiye. M'mera m'poyamba, koma mmerawo sukula mukamauzula tsiku ndi tsiku kuti muone mizu.

Pali zina zomwe ana asakhudze n'komwe. Musanawaitane, yendani nokha muchotse mankhwala a makoswe monga Temik, mankhwala othira m'chimanga, mapiritsi otsala ndi otha nthawi, malezala, mabatire akale a tochi ndi timabatire ting'onoting'ono ta m'mawotchi tomwe mwana angameze. Palafini kapena mankhwala alionse osungidwa m'botolo la Fanta ndi msampha, chifukwa mwana waludzu safunsa. Mapiritsi otha nthawi kafunseni kuchipatala kapena kufamase katayidwe kake, asapite kudzala komwe ana amatolako zoseweretsa. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, mpweya wotuluka pamenepo umapweteka m'mapapo. Pomwe mwapeza ndowe za makoswe, nyowetsani kaye ndi madzi a Jik musanapukute, ndipo imeneyo ndi ntchito ya wamkulu.

Mapepala ofunika apezereni malo tsiku lomwelo: timabuku ta kuchipatala ta ana, zikalata za kubadwa, masatifiketi a MANEB, malisiti a lendi ndi a fizi. Alowe m'chikwatu chimodzi cha pulasitiki, chikhale pamwamba pomwe madzi sangafike denga likadontha. Mtsikanayo ndi mnyamata wamkuluyo adziwe pomwe chili.

Simunatchule, koma m'nyumba zambiri za m'tauni katundu wina si wa eni nyumba. Pali masutikesi a alamu omwe anapita ku Joni n'kunena kuti ndisungireni ndibwera posachedwa, pano papita zaka. Aimbireni kapena alembereni pa WhatsApp, muwatumizire chithunzi, muwafunse mwaulemu kuti katunduyo apite kwa ndani poti malo achepa. Amene awaimbire akhale mbale wawoyo, inu musatsogole. Katundu wa malemu ndiye musamuyambe dala nokha, ngakhale atakhala zovala zakutha. Ameneyo ali ndi eni mbumba omwe ayenera kukhala pansi n'kugawa. Chomwe mungachite ndi kukumbutsa akuluakulu kuti nkhaniyo idakalipo, ndi kumusunga pouma podikira.

Zomwe mwagwirizana kuti zituluke zituluke tsiku lomwelo, chifukwa thumba likagona pakhonde usiku umodzi, mawa mupeza theka labwerera m'nyumba. Zovala zomwe zachepa koma zili bwino zichapidwe kaye, mwana mwini apinde yekha, ndipo ngati n'kotheka apereke ndi manja ake kwa msuweni wake kapena kutchalitchi kapena kumzikiti. Zong'ambika musapatse munthu, zidulidwe zikhale zopukutira. Mabotolo a pulasitiki amafunidwa ndi amayi ogulitsa thobwa, zitsulo zakutha ogula alipo omwe amayenda m'makwalalamu. Kandalama kotuluka pamenepo musakaike m'thumba mwanu. Gulani nako ufa ndi mafuta muphike mandasi madzulo ake, ana adziwe kuti thukuta lawo labala kanthu. Majumbo ndi mapulasitiki ena musawotche pabwalo ana ali pomwepo, utsi wake ndi woipa.

Mwachita bwino kuganiza za mvula. Zitini, matayala ndi mabeseni osweka omwe ali kuseri kwa nyumba akayamba kusunga madzi, udzudzu umaswana momwemo. Zigubu zamadzi nazo musunge zokhazo zomwe zili ndi zitsekerero ndipo mungathe kuzitsuka m'kati. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Ana anu aakuluwo akuikumbukira nthawi imeneyo, ndiye mukawafotokozera chifukwa chotsukira zigubu, amva msanga kuposa kungowakalipira.

Mukatha kunsi kwa bedi, sabata yotsatira mugwire kabati ya kukhitchini, inayo kuseri kwa nyumba. Pakati pa sabata pakhale kanthawi kochepa nsima yamadzulo isanafike patebulo, aliyense abweze zake pamalo pake. Ndipo mukapita ku kaunjika n'kubwera ndi malaya atsopano a mwana, iye asankhe akale amodzi oti apite kwa wina.

Bambowo akakanabe pa zinthu zina, musakokane nawo. Apatseni ngodya imodzi kapena shelefu imodzi ikhale yawo, monga ana ali ndi makatoni awo. Zomwe simukugwirizana ziikeni m'katoni, mumange, mulembepo mwezi womwe mwamangira. Mvula ikatha mu Epulo mudzaitsegule limodzi, muone zomwe anazifunapo m'miyezi yonseyo, zotsalazo mudzafunsenso kuti ndi za ndani ndipo zigwira ntchito liti.