Kodi tiyi wa kuhotela ndiye mgonero?

Funso: Azakhali, mwezi wamawa tikupita kunyanja ku Mangochi ndi bambo a kunyumba, ana atatu komanso apongozi. Kuhotela komwe tikagone akuti kumakhala tiyi wa 4 koloko. Tikamwa ameneyu ndiye kuti za nsima tiiwale? — Mayi wa ku Kasungu

Yankho: Ayi mwanangu, nsima ya chambo ikubwerabe usiku. Mwambowu udayambira ku England cha m'ma 1840, pofuna kupha njala ya pakati pa nkhomaliro ndi mgonero. Amabweretsa tipoti, mkaka pambali, masikono a jamu, keke ndi timasangweji tosakwana n'komwe pachikhatho.

Musanakhale pansi, funsani ngati mtengo wake uli kale m'ndalama za chipinda, chifukwa kwina amalipiritsa munthu aliyense payekha, ndipo anthu 6 si masewera. Ine ndimapempha masamba a ku Thyolo kapena Mulanje, n'kuwasiya m'tipotimo mphindi 4 kuti afiire bwino. Kapu yoyamba muwathirire apongozi nokha, adzakondwa.

Ana avuuke m'madzi msanga, aume. Ngati mwakhala pakhonde pafupi ndi mitengo, mbale ya masikono muziyang'anira, apusi a kunyanja sachedwa kutsomphola.